Ululu Ukatha, Fupa Limakhala Lisanapole

Ana anga a kunyanja, ife okhala ku Makokola kuno, kuyambira ku Nkopola mpaka kukafika ku Monkey Bay, timadyera mapazi. Msodzi amakankha bwato ataponda mumchenga, amakoka khoka atajintcha chidendene pansi. Mayi wogula usipa amalawirira kudoko wapansi, beseni lili pamutu. Mnyamata wa kabaza amaliza njinga ndi phazi, amasintha magiya ndi phazi, akaima amatsamiranso phazi. Ndiye tsiku limene phazi lathyoka, moto wa kukhitchini nawo umayamba kuzilala. N'chifukwa chake ndati lero tikhale pansi tikambirane za chinthu chimene chayamba kuoneka m'njira zathu: jombo yachipatala, ija yolimba ngati chigoba cha fulu, yolekezera m'munsi mwa bondo, yokhala ndi malamba omata. Abale athu a ku Joni amaitcha moon boot. Ndikuuzani kavalidwe kake ndi kayendedwe kake, koma makamaka chimene jomboyi imapempha kwa mwini mwendo, chomwe ndi mtima wodekha.

Ndiyambe ndi za m'nyumba mwanga, pakuti ulenje umasimba wako. Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito m'boti la chilimira. Tsiku lina m'bandakucha, akuchokera kokapha usipa, analumpha kuti akokere boti kumtunda, phazi n'kutera pamwala wobisika m'madzi, n'kupindikira m'kati. Dzuwa lisanakwere, phazi linali litatupa ngati dzungu. Kuchipatala anamujambula, n'kupeza kuti kafupa ka m'mbali mwa phazi, kaja kolunjika kuchala chaching'ono, kathyoka. Anayamba amuika chikhakha, ndipo kutupa kutaphwa anamulola kuvala jombo imene mkulu wake anatumiza kuchokera ku Johannesburg. Anamuuza momveka kuti akhale nayo masabata 6, kenako abwerenso adzamuone.

Masabata awiri oyamba anamvera. Sabata lachitatu ululu unatha. Nthawi yomweyo mwezi unalowa mumdima, usipa unayamba kuphedwa wochuluka, anzake akukocheza padoko ndi ndowa zosefukira. Anabwera pakhonde panga nati, "Anjomba, phazi lapola, taonani mmene ndikupondera." Ndinamuyankha kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Usiku womwewo anamasula malamba, jombo n'kuisiya kuseri kwa chitseko, ulendo wa kunyanja. M'mawa anzake anabwera naye atamunyamula. Fupa limene linali litayamba kugwirana linalekananso. Masabata 6 aja anasanduka miyezi inayi, ndipo ndalama imene anaithamangira usiku umodzi inathera m'maulendo a kuchipatala. Mawu a akuluakulu amakomadi akagonera, koma kugonera kwake kunamudyera nyengo yonse ya usipa.

Chikhakha tinachizolowera. Anachiyambitsa ndi dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, m'zaka za m'ma 1850, ndipo mpaka lero ndicho chimapolezera mafupa ambiri m'zipatala zathu. Ubwino wake ndi woti chilibe khomo: akakuika, umakhala momwemo mpaka tsiku lodzachidula. Chimakulondera ngakhale mtima wako utafooka. Jombo ndi yopepuka, umatha kuivula posamba, khungu limapitidwa mphepo, ndipo adokotala akalola umayenda nayo. Koma pa ubwino wakewo ndi pomwe pagona msampha. Malamba amene wamanga ndi manja ako, ungathe kuwamasula ndi manja omwewo, usiku, popanda wokuona. Mlonda wa chikhakha ndi chipatala. Mlonda wa jombo ndiwe mwini.

Mvetsani mmene fupa limapolera, kuti kutha kwa ululu kusamakunamizeni. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ang'onoang'ono, omangidwa pamodzi ndi mitsempha, ndipo ndiwo amasenza thupi lonse nthawi iliyonse imene mwaponda. Limodzi likathyoka, magazi amaundana pothyokapo, ndiye kutupa ndi kutentha kuja. M'masabata awiri kapena atatu thupi limamata mbali ziwirizo ndi chinthu chofewa, chonga kafupa ka pakhutu. Apa ndi pamene ululu umachepa, chifukwa mafupa asiya kukhulana. Koma chomatacho chimakhala chisanakhwime. Chimafuna masabata ena kuti chisanduke fupa lenileni, ndipo kwa munthu wamkulu zonsezi zimatenga masabata 6 mpaka 8, nthawi zina kupitirira apo. Amene anaumbapo njerwa akudziwa. Njerwa ya dzana imaoneka youma kunja, koma mukaiponda imafwaphuka, pakuti m'kati mukadali matope.

Ndipotu ife a kunyanja nzeru imeneyi sitifunika kukaiphunzira kwa mlendo. Chaka chilichonse pa 1 Novembala nyanja imatsekedwa ku makoka, kuti chambo chiswe ndi kulera ana ake m'kamwa, m'madzi osaya a m'mphepete. M'miyezi imeneyo nyanja sioneka yodwala. Madzi amakhala ali mbee, nsomba zikuoneka ndi maso, m'nyumba njala ikuluma. Koma tonse tinaona zimene zinachitika pomwe madzi sanapatsidwe mpumulo: ku Malombe chambo chinatsala pang'ono kutheratu, ndipo kunyanja yaikulu kuno chinasanduka ndiwo ya anthu a ndalama. Kuvala jombo kuli ngati kutseka nyanja ya mwendo wanu. Kunja kumaoneka ngati palibe chikuchitika, chikhalirecho m'kati muli ntchito yaikulu, yosafuna kusokonezedwa. Wovula jombo nthawi isanakwane ali ngati woponya khoka m'Novembala: amadya lero, n'kupha za mawa.

Tsono tiyambe poyambira. Tsoka silinunkha. Wina amagwa pa njinga yamoto mumsewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, wina amagwa mumtengo wa mango, wina amabinya phazi pa mpira wa mumchenga. Ngati simungathe kuponda ngakhale mapazi anayi, ngati pafupa penipeni pakupweteka mukadina, ngati phazi lakhota kapena pali bala loonetsa fupa, musagone pakhomo. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo pa nkhani ya mwendo mwambiwu umakwaniritsidwa monga momwe ulili: wozengereza amadzakwawadi. Sindinyoza makolo athu amene ankamanga mwendo ndi timitengo. Ankadziwa kuti fupa limafuna bata. Koma maso awo sankaona kuseri kwa mnofu, pomwe makina a X-ray amaona. Musathowe phazi longovulala kumene ndi madzi otentha, chifukwa kutupa kumawonjezeka. Musateme mphini pamalo otupa, chifukwa mukutsegulira tizilombo njira yopita kufupa.

Thandizo lilipo, ndipo silili kutali monga kale. Mu 1985 dokotala wa mafupa wa ku Canada, Edward Blair, mogwirizana ndi bungwe la Malawi Against Polio, anayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula akatswiri a mafupa otchedwa orthopaedic clinical officer, poona kuti madokotala a opaleshoni ya mafupa anali owerengeka m'dziko muno. Mpaka lero anthu amenewa ndiwo amawongola ndi kumanga mafupa ambiri m'zipatala za m'maboma, kuphatikizapo cha ku Mangochi. Mukayambira ku Koche kapena ku Monkey Bay n'kuuzidwa kuti mupite ku boma, pitani. Zikavuta amatumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mumzinda womwewo muli chipatala cha Beit CURE chimene chinatsegulidwa mu 2002, chothandiza ana a mavuto a mafupa, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION, pa Kamuzu Central. Anthu amenewa ndiwo oyenera kunena kuti uyu afunika chikhakha, uyu jombo, uyu opaleshoni. Si fupa lililonse limene limapolera m'jombo.

Mukafika pamaso pa adokotala, tsegulani pakamwa. Safunsa anadya phula. Ambiri a ife timangoti "inde, inde" chifukwa cha ulemu, n'kutuluka tisanamve kanthu. Funsani zinthu zinayi. Choyamba: kodi ndiponde ndi mwendo uwu, ndipondeko pang'ono, kapena ndisaponde n'komwe? Mayankho atatuwa ndi osiyana, ndipo kukhala ndi jombo sikutanthauza kuti mwaloledwa kuyenda. Chachiwiri: kodi ndizigona nayo? Ena amauzidwa kuvula usiku, ena ayi, makamaka amene aduka mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene. Chachitatu: kodi ndingavule posamba? Chachinayi: ndibwerenso liti? Mayankho alembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Ndipo pitani nokha tsiku lobwereza, musatume mwana kuti akakufunsireni, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Jombo zambiri zimene ndaziona kuno sizinachokere m'chipatala. Zina anatumiza achibale a ku Joni, zina anabwerekana pachibale, zina anazipeza pa kaunjika. Sindikuletsa, pakuti ndikudziwa mmene thumba lilili. Koma kumbukirani kuti nguwo yobwereka silimba m'thupi. Jombozi zili ndi masaizi ngati nsapato, ndiponso pali zazitali zofika m'munsi mwa bondo ndi zazifupi zolekezera pakati pa msongolo, iliyonse ndi ntchito yake. Yaikulu imalola phazi kuseweramo, ndiye fupa silipeza bata. Yaing'ono imatulutsa zala kunja n'kudya chidendene. Ya malamba otha mphamvu imamasuka muli pakati pa njira. Musanaivale, itengereni kuchipatala aione, akuyeseni, akuonetseni kamangidwe kake. Nsalu yake ya m'kati ichapidwe ndi sopo, iume bwino, isanakhudze khungu lanu.

Kavalidwe kake ndi aka. Khalani pampando, osati chiimire. Valani sokosi yaitali, yoyera, youma, yopanda makwinya, yofika pamwamba pa pomwe jombo ilekezera. Masulani malamba onse. Lowetsani phazi m'nsalu ya m'kati ija, ndipo kankhirani chidendene kumbuyo mpaka chikagunde kumapeto. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: chidendene chikatsala m'malere, phazi limatsetserekera kutsogolo poyenda, zala n'kumagunda pansi. Kutani nsaluyo mozungulira phazi ndi msongolo, osasiya popindika. Ngati jombo ili ndi chivundikiro cha kutsogolo, chiikeni pamalo pake. Kenako mangani malamba kuyambira kuzala kukwera kubondo, limodzilimodzi, monga momwe mayi amamangira mtolo wa nkhuni kuti usakhwefuke m'njira.

Kumanga kwake kukhale kogwira, osati kofinya. Chala chanu chimodzi chizitha kulowa pansi pa lamba. Mukamanga mothina magazi sayenda, mukamanga mokhwefula phazi limagwedera, ndipo zonse ziwiri zimapweteka. Jombo zina zili ndi kampira kopopera mpweya: popani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti mwendo wagwidwa mbali zonse, ndipo muphwetse musanavule. Mukatha, gwedezani zala, muone ngati zili zofunda. Imirirani mutagwira ndodo, mumve ngati chidendene chikunyamuka m'kati. Dziwaninso kuti phazi la m'mawa si phazi la madzulo. Limatupa dzuwa likakwera, limaphwa mukagona, choncho malamba amafuna kuwaonanso kangapo patsiku.

Poyenda, musalimbane nayo. Pansi pake anapapanga mokhota ngati mimba ya bwato, kuti muziyamba kuponda ndi chidendene, jombo n'kukugubuduzirani kutsogolo, kakolo osapindika. Yendani timapazi tifupitifupi. Popeza jombo ndi yokhuthala pansi, mwendo wovulala umatalika kuposa unzake, ndipo mukavala patapata kuphazi linalo mudzayamba kudandaula chiuno ndi msana. Valani nsapato yotseka, yokhuthala pansi, kuti miyendo ilingane. Ngati mwapatsidwa ndodo ziwiri za m'khwapa, thupi lilemere m'manja, osati m'khwapamo, chifukwa muli mitsempha imene ikapanikizika dzanja limachita dzanzi. Ngati ndodo ndi imodzi, igwireni ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino. Pokwera khonde kapena masitepe, utsogole mwendo wabwino. Potsika, itsogole ndodo ndi mwendo wovulala.

Amene anapanga jombo sankaganiza za dzuwa la ku Mangochi la mwezi wa Okutobala, kapena mchenga wa ku Makokola. Izi tiziganize tokha. Thukuta likakhalitsa m'kati limafewetsa khungu, ndipo kamchenga kamodzi kakalowa kamakhula mpaka kubala thuza, thuza n'kusanduka chilonda. Sinthani sokosi tsiku lililonse, kukatentha kawiri. Ngati mwaloledwa kuvula, madzulo alionse khalani pansi, masulani, kutumulani mchenga, pukutani mwendo ndi kansalu konyowa, umitsani pakati pa zala, ndipo yang'anani chidendene, akakolo ndi msongolo. Malo ofiira kapena akuda amene sakubwerera mwakale ndi chenjezo. Kugombe musapiteko. Mchenga wofewa umapotoza phazi ngakhale lili m'jombo, ndipo ndodo zimamira. Kusamba kunyanja kuyambe kwaima. Akutungireni madzi, musambire kubafa mutakhala pampando, mwendo wovulala osaupondetsa pansi uli wosavala.

Za kuchimbudzi anthu amachita nazo manyazi kufunsa, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kunyonyomala pa chimbudzi chokumba mutavala jombo n'kovuta, ndipo ambiri amagwera komweko kapena kuivula. Mmisiri wa matabwa angathe kuboola mpando wakale pakati n'kuuika pamwamba pa dzenje, ndi kukhoma mtengo wogwirira m'mbali. Usiku ikani tochi ndi ndodo pafupi ndi pogona, ndipo musanyamuke ndi phazi losavala poganiza kuti ndi pafupi pomwepa. Fupa lingathe kuthyokanso pa mtunda wa pakati pa mphasa ndi chitseko. Masana mukakhala, musalendeweretse mwendo. Gonani chagada, muusanjike pa mitsamiro kapena pa thumba la chimanga kuti ukwere kuposa chifuwa, ndipo muzigwedeza zala kawirikawiri kuti magazi aziyenda.

Abale anga opita kumzikiti, ndikudziwa kuti kuswali kasanu patsiku kumafuna kusambitsa mapazi, kuwerama ndi kukhalira miyendo. Chipembedzo chinapereka kale mpata kwa wodwala kuti aswali atakhala pansi kapena pampando, ndipo chili ndi njira yake yodziyeretsera pamene chiwalo chamangidwa. Pitani kwa ashehe akulongosolereni, musavule jombo kasanu patsiku ndi kupinda kakolo wothyoka poopa kuti mulakwa. Inunso a kutchalitchi, kugwada ndi kuvina m'kwaya kudikire. Mulungu amene anaumba fupa ndi yemweyo amene analiikira masabata ake opolera, ndipo kulemekeza masabata amenewo si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku lobwereza. Zala zikazizira, zikachita dzanzi, zikasintha mtundu, masulani malamba ndi kukweza mwendo, ndipo zikapanda kusintha msanga thamangirani kuchipatala. Ululu ukamakula m'malo mochepa, m'jombo mukamatuluka fungo kapena mafinya, thupi likatentha, pitani tsiku lomwelo. Katumba akatupa, kulimba ndi kupweteka, mwina magazi aundana mumtsempha chifukwa cha kukhala malo amodzi. Musamusisite, pitani kuchipatala. Ndipo wovala jombo kapena chikhakha akayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kupweteka m'chifuwa, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa magazi oundanawo amatha kuyenda mpaka kukatseka m'mapapo.

Inu a matenda a shuga, chenjerani kawiri. Shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, moti jombo ingathe kukudyani chilonda chachikulu inu osamva kanthu. Kwa inu ululu si mlonda wodalirika, mlonda wanu ndi maso. Yang'anani phazi m'mawa ndi madzulo, pansi pake muone ndi galasi, kapena mdzukulu akuonereni. Miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga imayamba ndi kachilonda kochepa ngati njere ya mapira.

Anyamata a kabaza, ndikudziwa kuti mwini njinga amafuna ndalama yake madzulo alionse. Koma phazi lili m'jombo silimva giya, silimva buleki, ndipo silingakugwireni njinga ikapendekeka. Simukuika pa ngozi mwendo wanu wokha, komanso mayi ndi mwana amene mwawanyamula kumbuyo. Kuthamanga si kufika. Gwirizanani ndi mnzanu wokhulupirika ayendetse njingayo, muzigawana, mpaka adokotala atakumasulani.

Fupa limamangidwa ndi zimene mukudya, ndipo pa ichi Mulungu anatikondera ife a kunyanja. Usipa ndi kambuzi zodyera limodzi ndi minga yake zili ndi mchere womanga mafupa. Onjezerani nyemba, mtedza, mazira, mkaka ukapezeka, chisoso ndi bonongwe. Fodya yekha musiyeni, chifukwa utsi wake umachepetsa magazi ofika pafupa, ndipo fupa la wosuta limachedwa kugwirana, lina osagwirana n'komwe. Mowa nawo umagwetsa munthu wa miyendo iwiri yabwino, nanga wa ndodo?

Amayi, nkhaniyi ikukhudzanso makanda obadwa ndi mapazi opindika. Masiku ano amawongoledwa m'zipatala zathu ndi njira ya dokotala Ignacio Ponseti: chikhakha chosinthidwa sabata ndi sabata, kenako tinsapato tiwiri tolumikizidwa ndi kachitsulo. Tinsapatoti timavalidwa pafupifupi usana ndi usiku kwa miyezi itatu, kenako pogona pokha mpaka mwana atafika zaka zinayi kapena zisanu. Mapazi akaoneka owongoka, mwana akalira usiku, mtima wa kholo umafuna kumuvula. Chifundo chotere n'chimene chimabwezeretsa phazi mwakale. M'mera mpoyamba. Mwana sangadzilondere yekha, mlonda wake ndinu.

Tsopano ndilankhule ndi inu a miyendo yabwino, pakuti mlandu wa mwana wa mlongo wanga sindiuika pa iye yekha. Sanavule jombo chifukwa cha mwano. Anavula chifukwa m'nyumba munalibe ufa, ndipo ife abale ake tinkangomufunsa za phazi, osafunsa za m'thumba la chimanga. Munthu wanjala malangizo a chipatala amamulowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mutu umodzi susenza denga. Eni maboti, munthu amene wavulala pa ntchito yanu musamuiwale tsiku logawana ndalama. Anzake a m'boti, patulani kambale ka usipa kapite kwawo. Mpatseni ntchito ya chikhalire: asoke ukonde pamthunzi, alembe za malonda, ayang'anire nsomba zouma. Amayi a pamudzi, mnzanu akavulala mutungireni madzi, muperekezereni ana kusukulu, mumugulitsireko nsomba zake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nyanja sitseka munthu mmodzi, timatseka tonse mogwirizana. Chimodzimodzi mwendo wa mnzathu.

Tsiku lovula likafika, musadabwe kuona katumba ataphwa, khungu likusupuka, kakolo ali gwa. Mnofu wosagwira ntchito umachepa, koma umabwerera. Musachoke m'jombo n'kulowa m'boti tsiku lomwelo. Yambani ndi kuyenda m'nyumba mutavala nsapato yotseka, kenako pabwalo, kenako mumsewu, ndipo mchenga wa kugombe ukhale womalizira. Mukakhala pansi zunguzani phazi, kokani zala ndi thawulo kuti mtsempha wa kuchidendene utambasuke, ndipo tsatirani zimene a mafizo akuphunzitsani. Phazi likatupa madzulo, likwezeni, mawa muchepetse mtunda. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mwana wa mlongo wanga anabwerera kunyanja. Ulendo wachiwiri uja anakhala m'jombo mpaka tsiku limene anauzidwa, ndipo ife tinasinthana kumupititsira ufa ndi ndiwo, zimene tikanachita poyamba pomwe. Mwera ukawomba phazi limamukumbutsabe. Mwezi wathawu ndinamupeza pansi pa mlambe atagwada, akumanga malamba a jombo yomwe ija pa mwendo wa mnyamata wina wa m'boti lawo, amene anali atangochokera nayo kuchipatala kokaionetsa. Anayambira kuzala kukwera kubondo, n'kulowetsa chala pansi pa lamba lililonse. Atatha anamuuza kuti, "Sabata lachitatu ululu utha, ndipo udzafuna kuvula. Tsiku limenelo ubwere kwa ine, gawo lako la usipa ndikhala nditakusungira."

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ana anga. Tsiku lotsegula nyanja salengeza ndi msodzi wanjala, ndipo tsiku lovula jombo salengeza ndi mwini ululu. Dikirani mawu a amene anaona fupa lanu pa chithunzi. Nyanja siithawa. Mudzaipeza pomwe munaisiya, ndipo mudzatsikira kudoko ndi mapazi anu awiri.